Padi Yodula Mchira: Mbiri ya Magemu Kuchokera ku Kyoto Mpaka pa Dedza

Dziko la Malawi linatsegula wailesi ya kanema yakeyake mu April 1999. Taimani kaye pa chaka chimenecho. Ku Japan n'kuti PlayStation itatha zaka zinayi ili pamsika, Sony ikumalizitsa PlayStation 2, ndipo gemu ya Super Mario Bros. ili ndi zaka 13. Ife kuno n'kuti tikuona koyamba nkhope ya munthu wowerenga nkhani za kwathu pa sikirini. Zaka zonse za Kamuzu dziko linali la wailesi ya MBC basi, ndipo amene anali ndi TV ankangoonerapo matepi a vidiyo. N'chifukwa chake mbiri ya magemu kuno siyenda ngati ya anzathu akunja, amene ankati chaka chino makina awa, pakatha zaka zisanu ena atsopano. Kwa ife zonse zinafika mochedwa, zambiri zitagwirapo kale ntchito kwina, ndipo zinafika pamodzi ngati katundu wa pa lole imodzi.

Lero ndikufuna tikambe za kachipangizo kamodzi kokha pa katundu ameneyo: padi. Ena amati kontirola, koma pa Dedza pano ukanena choncho anyamata akuyang'ana kawiri. Masiku ano pa YouTube padzaza anthu amene akutenga mapadi a zaka 30 kapena 40, kuwadula mchira, n'kuwaika batire ndi Bluetooth kuti azigwira pa makina atsopano ndi pa foni. Kwa iwo ndi chosangulutsa cha Loweruka masana. Ine ndikaziona ndimaonamo nkhani ina: kodi mwini weniweni wa chinthu chimene wagula ndi ndani? Nanga luso limene lili kale m'misika yathu, bwanji sitiliwerengera?

Kumene mchira unayambira

Mu 1977 kampani ya Atari ku America inatulutsa makina amene anadzadziwika kuti Atari 2600. Chogwirira chake chinali kamtengo kamodzi ndi batani limodzi lofiira, ndipo waya wake ankathera pa pulagi ya mabowo 9. Pulagi imeneyi inasanduka chilankhulo cha onse. Kompyuta ya Commodore 64 inaigwiritsa ntchito, Sega nayo inaitenga pa Master System ndi pa Mega Drive ya 1988. Munthu ankatha kutenga chogwirira cha kampani ina, kuchisomeka pa makina a kampani ina, n'kumasewera bwinobwino. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Kamtanda kamene timakanikiza ndi chala chachikulu chakumanzere kanachokera ku Kyoto, ku kampani ya Nintendo. Kampaniyi inayamba mu 1889 ngati yopanga makadi osewerera. Mu 1965 inalemba ntchito mnyamata wina, Gunpei Yokoi, kuti azikonza makina a mufakitale akawonongeka. Inde, munthu amene anadzatipatsa Game Boy mu 1989 anayamba ngati mmisiri wokonza zinthu. Kamtandako kanaonekera mu 1982 pa kagemu kam'manja ka Donkey Kong, ndipo pa 15 July 1983 kanabwera pa mapadi a Famicom, makina amene ku America anagulitsidwa kuyambira 1985 pa dzina la NES. Yokoi ankakhulupirira kuti suyenera kuthamangira zipangizo zamakono zodula. Tenga zakale, zotchipa, zimene aliyense akuzidziwa bwino, uzipezere ntchito yatsopano. Ndikamawerenga maganizo ake ndimamva ngati akunena za okonza mafoni a kwathu kuno.

Ukatsegula padi ya NES upezamo zochepa zedi: kabolodi kamodzi, timalabala tokhala pansi pa mabatani, ndi chip imodzi yotchedwa 4021. Ntchito yake ndi yosavuta kumva. Makina amatumiza chizindikiro chakuti "ndiuze", chip ija imajambula mmene mabatani onse 8 alili panthawiyo, kenako imawatchula limodzilimodzi pa waya mmodzi: A, B, Select, Start, mmwamba, pansi, kumanzere, kumanja. Zimenezi zimachitika ka 50 kapena ka 60 pa sekondi. Mulibe chinsinsi, mulibe loko. Aliyense wodziwa magetsi pang'ono akhoza kumvetsera kukambirana kumeneku, ngakhale kulowererapo. N'chifukwa chake mapadi amenewa mpaka lero ndi osavuta kuwasintha.

Njira ya ku Joni

Katundu wamagetsi wakhala akufika m'midzi ya kuno m'masutikesi a anthu ochokera kuntchito kunja. Agogo athu amene anapita ku migodi ya South Africa pa Wenela ankabwera ndi wailesi, galamafoni, njinga ndi mabulangeti. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Zinadzayambiranso pa dzina la TEBA mpaka 1988. Makontirakiti anatha, koma njira sinatseke. Mabasi ochokera ku Lilongwe amadutsa pa chipata chathu cha Dedza, kulowa Mozambique pa Calomue, kutsika ku Tete, kudzera pa Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Johannesburg. Pobwera amakhala atalemedwa ndi mafiriji, masipika, ma TV, ndipo pakona pa katoni ina pamakhala gemu ya ana.

Gemu yoyamba imene ambiri a msinkhu wanga tinagwira sinali ya Nintendo yeniyeni ayi. Inali ija tinkangoti TV game: kabokosi kopepuka ngati mulibe kanthu, mapadi awiri, mfuti yapulasitiki yowombera abakha, ndi kaseti yachikasu yolembedwa kuti muli magemu mamiliyoni pamene enieni ndi khumi ndi angapo ongobwerezabwereza. Makina amenewa anali Famicom ya 1983 yokopedwa m'mafakitale a ku Taiwan ndi ku China, yonse atapanikiza mu chip imodzi. Sitinali tokha. Ana a ku Russia anakulira pa Dendy kuyambira 1992, imene inalinso Famicom yokopa. Ndiye pamene ana a ku Tokyo ankasewera PlayStation 2, ana a ku Bembeke, Lobi, Linthipe ndi Mayani, amene anali ndi mwayi wa TV ndi batire ya galimoto, ankathyola njerwa ndi mutu wa Mario. Zaka 20 m'mbuyo, koma chisangalalo chake chimodzimodzi.

Yathu anabwera nayo ndi amalume, pa Khirisimasi ina ndili ku pulayimale. Padi yake inali ndi pulagi ya mabowo 9 yofanana ndi ya Atari ija, ngakhale mawaya am'kati analumikizidwa mosiyana. Waya anali wamfupi moti tinkakhala mphuno pa sikirini, amayi akukalipa kuti tifa maso. Ndipo nthenda ya mapadi onsewa inali imodzi: waya ankathyokera pakhosi, pamene amalowera m'padi. Ukangoona Mario akukana kudumpha, umadziwa kuti yafika. Mankhwala ake anali lezala, mano osendera waya, ndi kapepala ka shuga kotenthedwa pa kandulo kuti kamate pamene talumikiza. Tikalumikiza kawiri katatu mchira unkafupika, ife n'kumasendera pafupi ndi TV. Amalume atabweranso chaka chinacho anaiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, iyi si padi, ndi chilonda." Koma inkagwira.

Kenako kunabwera PlayStation. Sony inatulutsa yoyamba pa 3 December 1994, ndipo mu 1997 inabweretsa padi ya DualShock, ya timitengo tiwiri ndi timamota tonjenjemeretsa manja. PlayStation 2 inatuluka mu March 2000, inapangidwa kwa zaka pafupifupi 13, ndipo inagulitsidwa yoposa 155 miliyoni. Anthu akunja atayamba kuzitaya kuti agule zatsopano, zinatsetserekera kuno. M'matauni ndi m'misika ikuluikulu ya m'mbali mwa M1 munabadwa bizinesi yatsopano pambali pa mavidiyo sho: kachipinda, mabenchi, ma TV awiri kapena atatu, anyamata akulipira pa gemu iliyonse ya mpira kapena ya nkhonya. Winning Eleven, FIFA, Tekken, Mortal Kombat, GTA San Andreas. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja owunikira magetsi m'dziko muno anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Choncho kwa ana ambiri kachipinda kameneka ndiye kanali khomo lokhalo lolowera m'dziko la magemu.

Mwini malo aliyense akuuzani kuti mpamba wake weniweni si makina koma mapadi. Makina amangokhala pashelefu. Padi ndi imene imagwidwa ndi manja mazana, a thukuta, a mafuta a chipisi, a munthu amene wagoletsedwa mphindi yomaliza n'kuiponya pansi. Ya orijino imapirira zaka. Yachinyengo, yowala bwino mupaketi, miyezi ingapo basi yayamba kuyenda yokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene anayamba kudula mchira

Maganizo ochotsa waya si a dzulo. Atari inagulitsapo zogwirira za wailesi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, zolemera, zokhala ndi mlongoti, zodya mabatire. Ena anayesa kuwala kosaoneka kuja kwa rimoti ya TV, koma munthu akangodutsa kutsogolo gemu yaima. Padi yopanda waya imene anthu anaikhulupiriradi inali WaveBird ya Nintendo mu 2002. Xbox 360 inatsatira mu 2005 ndi njira yakeyake ya wailesi, ndipo mu 2006 PlayStation 3 ndi Wii zinabwera ndi Bluetooth.

Bluetooth inayambira ku kampani ya Ericsson, mumzinda wa Lund ku Sweden, kumene injiniya wa ku Netherlands, Jaap Haartsen, anayamba kuikonza mu 1994. Dzinalo ndi la Harald Bluetooth, mfumu imene inagwirizanitsa mafuko a ku Denmark zaka zoposa 1,000 zapitazo. Analisankha chifukwa cholinga chinali kugwirizanitsa zipangizo za makampani osiyanasiyana kuti zizimvana. Imagwira pa mafunde a 2.4 GHz, ndipo pofuna kupewa kusokonezana ndi zipangizo zina imadumphadumpha pa tinjira 79, maulendo 1,600 pa sekondi. Ndi Bluetooth yomweyi imene timatumizirana nyimbo bandulo ikatha.

Mmene padi yakale imadulidwira mchira

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi yogula. Mu 2018 kampani ya ku China ya 8BitDo inayamba kugulitsa timabolodi topangidwa molingana ndi mimba ya mapadi a NES, Super Nintendo ndi Mega Drive, pa mtengo wa madola pafupifupi 20. Umamasula masikuluwu, kuchotsa bolodi yakale ndi waya wake, kuika yatsopano imene ili kale ndi batire ndi Bluetooth, n'kutseka. Pabowo pamene pankatulukira waya ndi pamene umatchajira. Osawotcherera chilichonse. Chikopa, mabatani ndi timalabala zimakhala zomwe zija, ndiye m'manja imamveka ngati kale, koma ikulankhula ndi Nintendo Switch, kompyuta kapena foni ya Android.

Yachiwiri ndi ya amisiri, ndipo ndi imene imandisangalatsa. Mu 2016 kampani ya Espressif ya ku Shanghai inatulutsa ESP32, kakompyuta kochepa ngati chala, kokhala ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, kogulidwa madola ochepa chabe. Mmisiri amasiya bolodi yakale momwemo, amadula waya, n'kuwotcherera nsonga zake ku ESP32. Kachipangizoka kamanamizira kuti ndi makina akale aja: kamafunsa padi kuti "ndiuze", kamalandira mabatani, kenako kamawatumiza pa Bluetooth ngati padi wamba imene foni ndi kompyuta zimaizindikira. Pamafunikanso batire ya lithium ya 3.7V, kabolodi kotchajira monga TP4056, kochepetsa mphamvu kufika pa 3.3V, ndi kaswitchi. Mapulogalamu ake anthu anaika ulere pa intaneti. Chenjezo n'lakuti batire yotupa kapena yobooka isayandikire, chifukwa lithium ikapsa mtima imayaka moto weniweni.

Yachitatu imayenda chobwerera: m'malo mosintha padi, umapanga kolandirira kosomeka pa makina akale kuti amve mapadi atsopano. Pulogalamu yaulere ya BlueRetro, yoyendanso pa ESP32, imachititsa kuti padi ya PlayStation 4 igwire pa PlayStation 2. Kwa mwini malo osewerera amene makina ake ndi olimba koma mapadi a orijino akusowa, iyi ndiye nkhani ya ndalama.

Mdani wa zonsezi ndi kuchedwa. Gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi osakwana 17 alionse. Waya sachedwa. Bluetooth yokonzedwa mwaulesi ikhoza kuwonjezera chithunzi chimodzi kapena ziwiri, ndipo pa gemu ya nkhonya kumeneko n'kumenyedwa usanatseke nkhope. Palinso zina zimene sizingatheke n'komwe. Mfuti ya abakha ija inkadalira mmene TV ya chimbuyo imawalitsira chithunzi nthawi yomweyo, ndiye pa TV yafulati abakha amangouluka, galu uja n'kumakuseka.

Chitseko chokhoma

Tibwerere ku pulagi ya mabowo 9 ija. Kale chotchinga chinali mawonekedwe a pulagi basi, ndipo mmisiri ankachigonjetsa ndi lezala. Lero chotchinga ndi chiphaso. PlayStation 4 imafunsa padi mobwerezabwereza kuti itsimikize kuti ndi yovomerezeka ndi Sony. Yopangira kunyumba, yopanda chip yoyankha funsolo, imagwira mphindi 8 zokha kenako imadulidwa. Mu 2020 Sony inalengeza kuti padi yake yomwe ya DualShock 4 sigwira pa magemu a PlayStation 5, igwira pa magemu a PlayStation 4 okha, ngakhale mabatani ake ndi ofanana. Mu November 2023 Microsoft inayamba kutsekera kunja zipangizo zosavomerezeka pa Xbox. Makampaniwa ali ndi zifukwa zawo, ndipo china n'chomveka: pa mipikisano ya pa intaneti pali anthu obera pogwiritsa ntchito zipangizo zosinthidwa. Koma loko yoikira wakuba yatsekeranso kunja mmisiri.

Chodabwitsa n'chakuti iwo eni amadziwa kuti mapadi akale ali ndi msika. Nintendo inatulutsa mapadi opanda waya a maonekedwe a NES mu 2018, a Super Nintendo mu 2019, a Nintendo 64 ndi Mega Drive mu 2021, onse a Switch. Akutigulitsa ubwana wathu womwe, pa mtengo wa madola. Ndipotu zatsopano si kuti ndi zolimba kuposa zakale. Dandaulo la timitengo toyenda tokha pa mapadi a Switch linafika mpaka kukhoti ku America, pamene Sega inali itagwiritsa kale ntchito maginito osakhudzana, osaperesuka, pa padi ya Dreamcast mu 1998.

Kwa ife nkhaniyi imawawa kawiri. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chogulidwa ndi dola chinathawa. Mnyamata amene anatsegula malo osewerera ndi ndalama za kachewere sangamagule padi yatsopano ya orijino nthawi iliyonse batani likafa. Ndiye amagula yachinyengo, ifa, agula ina, ifanso, zonse n'kukathera kudzala. Lipoti la United Nations linati mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera. Kuno zambiri timangotentha kuseri kwa msika, utsi wake n'kupuma tokha.

Mwezi wathawu ndinaonetsa vidiyo ya ESP32 kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika wa pa boma. Sukulu analekeza Fomu 2, koma amasintha pini yotchajira yochepa ngati njere ya mpunga dzanja osanjenjemera, kunja kukuzizira mmene kumazizirira kuno mu June. Anaonera mpaka kumapeto osalankhula, n'kubwereza pakati. Kenako anati, "Achimwene, kuwotchererako ndi kwa ana. Mundipezere kabolodiko ndi munthu woika pulogalamu, zinazo musiyire ine." Vuto lathu ndi limenelo. Woika pulogalamu tili naye: tinamaliza maphunziro ku MUBAS, ku Chanco, ku MUST, ku Mzuni, ambiri tili pakhomo kudikira ntchito. Wowotcherera tili naye, ali mumsika. Koma awiriwa sakumana, chifukwa wina anaphunzitsidwa kuti msika ndi wa osaphunzira, winayo anauzidwa kuti kompyuta ndi ya a madigiri. Mutu umodzi susenza denga.

Dziko lonse linaombera m'manja William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zotayidwa ali ndi zaka 14. Anayambira pa kumasula mawailesi akufa kuti aone chimene chimalankhula m'katimo. Tisanagwire padi iliyonse, ambiri a ife tinayendetsapo galimoto ya mawaya, chiwongolero chake chotalika kufika m'chiuno, ndipo tinkaipanga tokha. Luso lomasula ndi kulumikiza silinabwere pa basi ya ku Joni. Linali kuno kale.

Kumpoto kwa tauni yathu kuli mapiri a Chongoni, kumene malo 127 a zithunzi za pamiyala analowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006. Akafula anajambula zawo zofiira kalekale. Achewa atabwera anajambula zawo zoyera m'mapanga omwewo, pena pamwala womwewo. Sanakafune mwala watsopano. Padi ya 1997 yokhala ndi Bluetooth m'mimba ndi mwambo womwewo: chakale chikhala, chatsopano chikhala pamwamba pake, ndipo wosankha ndi mwini dzanja, osati kampani ya ku Tokyo.

Ndiye pempho langa ndi ili, anzanga. Ngati kwanu m'katoni ya pansi pa bedi muli DualShock ya orijino yoduka waya, kapena TV game ya amalume anu, musaitaye ndipo musapatse ana kuti aphwanye. Ngati munaphunzira za makompyuta, pitani kumsika Loweruka likubwerali, mukakhale pa benchi ya wokonza mafoni, mumuonetse zimene mukudziwa, nayenso akuonetseni zake. Wina amene ali ku Joni akamafunsa kuti akutumizireni chiyani, mutchule ESP32 ziwiri. Zimakwana m'thumba la malaya, ndipo sizilipitsa katundu pa basi. Makina atsopano akatitsekera chitseko, foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ilibe loko yotere, ndipo imamva mapadi ambiri olankhula Bluetooth wamba. Tiyambire pamenepo.